Likongwe ndi Kapinga wa ku Chikamwini

Padangokhala, kalelo nyama zisanaleke kumanga nyumba ndi kufunsirana mbeta, kudali Likongwe.

Likongweyu adali ndi matenda awiri. Oyamba, manja ake sankamvana ndi khasu. Achiwiri, pakamwa pake sipankatha mafunso. Akaona nyerere zili pamzere, ankafuna kudziwa amene wazindandalitsa. Akaona mphika ukuwira, ankafunsa chimene madziwo akwiyira. Kwawo adatopa naye, moti tsiku limene adanena kuti wapeza mkazi kwa a Msulu ndipo akupita kuchikamwini, abale ake adaimba nthungululu mpaka mawu kusasa.

Mkaziyo adali Nangondo. Amayi ake adali namkungwi wa dera lonselo, mayi wa mawu ochepa koma olasa. Pakhomo pawo padali chinthu chimene ankachinyadira kuposa nkhokwe: kapinga. Pakapingapo ndi pamene anamwali ankavinira akatuluka m'tsimba, ndipo mlendo wodziwa ulemu ankayamba wayamikira udzuwo asanafunse za moyo.

Tsiku lolowana, a Nungu, amene adali nkhoswe, adamukokera Likongwe pambali.

"Mphwanga, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Pakhomo pano mkamwini sapatsidwa munda. Amapatsidwa kapinga. Umusamale kuchokera mvula ino mpaka mvula inayo. Akafa, mphasa yako udzaipeza panja."

"Alipo adayesapo?"

"Amuna a akulu ake a Nangondo."

"Ali kuti?"

"Kwawo."

"Adalakwitsa pati?"

"Iwe, ine ndine nkhoswe ya banja, osati ya udzu. Kamufunse kapingayo!"

A Nungu ankangofuna kumutseka pakamwa, koma Likongwe adawamvera. M'mawa mwake adagona chafufumimba pabwalo, khutu lili paudzu, nkuyamba kuimba. Nyimboyo idali ya mafunso okhaokha. Kapingayo ankamutchula kuti mlamu, nkumamufunsa chimene amadya, chimene amamwa ndi chimene chimamuwawa, ndipo pakutha pa funso lililonse ankasiya mpata woti wina avomere. Kapinga adangoti zii. Amene adavomera ndi Nangondo ali pamtondo, akuseka. Kuvomera kwake kunkati mlamuyo alibe pakamwa, koma wodekha amamumva, ndipo musi unkagwa pamene mawuwo athera.

Mvula itakhazikika, kapinga adayamba kukula ngati wina akumuthamangitsa. Apongozi adatuluka nkuima pakhonde atafulatira, poti mwambo sulola mpongozi kuyang'anizana ndi mkamwini.

"Nangondo, uwauze amuna akowo kuti mwana akagwera m'udzumu tidzachita kumufuna ndi ng'oma."

Likongwe adali pomwepo, koma Nangondo adamufotokozerabe mawu onse monga adanenedwera.

"Chikwakwa chili kuseri kwa nkhokwe," adawonjezera motero.

"Chisiye chipume, chagwira ntchito zaka zambiri. Ine ndikufuna ndidziwe kaye kuti udzu umadulidwa pati."

Adasankha timalo tokwana chikhatho. Pena adabudula ndi mano mpaka dothi kuonekera. Pena adadula nsonga zokha. Pena adangopasiya. Ndiye tsiku lililonse ankapita kukasuzumira, uku akuimba nyimbo yake ija, Nangondo akuvomera. Pamene adameta mpala padasanduka chikasu, kenako padamera chisoso ndi namsongole. Pamene adapasiya udzu udatalika, nkugwa, nkuyamba kuwola kunsi. Koma pamene adadula nsonga, kapinga adaleka kuthamangira kumwamba, adayamba kuyanga cham'mbali, wothithikana ngati ubweya wa nkhosa.

"Ahaa! Mlamu safuna mpala. Amafuna kumetedwa pang'ono, koma pafupipafupi."

"Ndiye ndikatenge chikwakwa?" adafunsa Nangondo.

"Ayi, ndipatse chipewa."

Adapita kumene ana aakazi a Nswala, mbumba ya kwa mfumu, ankapesana ubweya. Adawapatsa moni, nkuwayang'ana pamsana, nkuusa moyo.

"Mwaona chiyani, a Likongwe?" adafunsa wamkulu wa atsikanawo.

"Palibe, achemwali. Ndimangodabwa kuti ana a kubanja lachifumu ubweya n'kutuwa chonchi, mankhwala ali pafupi."

"Mankhwala ake ati?"

Likongwe adacheuka uku ndi uku, nkutsitsa mawu. "Apongozi anga akatha kusambitsa anamwali, madzi otsala amathira pakapinga. Mphamvu yonse imakwera kunsonga. Wodya nsongazo amanyezimira ngati wadzola nsatsi."

Atsikana aja adadzuka onse nthawi imodzi.

"Dikirani! Nsonga zokha. Wodya mpaka kutsinde ubweya umathothoka, amatsala ngati Njiri. Ndiponso musabwere mvula itangogwa, mankhwala amakhala atasukuluka. Dikirani udzu uume, ndipo nsonga zikaphukanso mubwerenso."

Dzinja lonse ana a Nswala ankafika pakhomopo, nkumadya mosamala ngati akusankha mpunga, aliyense akuyang'ana mnzake kuti aone ngati wayamba kuthothoka. Kapinga adakhala wosalala, wobiriwira kuti biriwiri. Likongwe ankayang'anira ali pamthunzi.

"Nangondo," adatero apongozi atayang'ana kukhoma, "uwafunse ngati mwana wanga ndidamukwatitsa kwa Likongwe kapena kwa Nswala."

"Uwauze amayi," adayankha Likongwe atayang'ana pansi, "kuti adati kapinga asafe. Sadatchule mwini mano."

Masika adadutsa, mphepo ya mwera idayamba kuluma makutu. Kapinga adaleka kukula, adayamba kuoneka wotopa. Tsiku lina Nangondo adataya madzi otsukira mbale pabwalo, ndipo Likongwe adaona kuti madziwo sadalowe pansi, adangoyenderera ngati agwera pachikopa.

"Taonjeza ena."

"Mbale zatha."

"Taonjezabe, ndione."

Adagonanso chafufumimba nkuyamba nyimbo ija, koma ulendo uno adafunsa mlamu chimene chamutseka kukhosi. Atapisa chala m'udzumo adapeza kuti kunsi kwayalana udzu wakufa, wolukana ngati mphasa yakale, ndipo pansi pake dothi lidali gwa chifukwa cha ziboda za a Nswala.

Adayamba kuyendayenda m'mudzi kuti aone kumene udzu ukadali ndi mphamvu. Adaupeza kukhola kwa Njati. Pamene padali ndowe zakale, zouma, udzu wozungulira udali wobiriwira moderako. Pamene padali ndowe zaziwisi, udzu wa pansi pake udali utapsa. Likongwe adatembenuza iyi, adanunkhiza iyo, mpaka Njati adatulutsa mutu.

"Mkamwini wa kwa namkungwi, kodi pakhomo pajapo sakukupatsani chakudya?"

"Akundipatsa, bambo. Ndimafuna ndidziwe, iyi ndi ya liti?"

"Choka!"

Adachoka, koma yankho adali atalipeza. Mlamu ankafuna kukandidwa msana, nkudyetsedwa ndowe zakale zofumbutuka. Ntchitoyo idali ya madengu ambiri, ndipo Likongwe atangoiganizira msana udayamba kumuwawa.

Adapita kwa a Nkhanga, amesenjala a bwalo la milandu, amene ankadzitama kuti palibe chotayika chimene chidawalaka. Kapitawo wawo adali atakhala pampando, chisoti chili neng'a.

"Akapitawo, ndabwera ndi nkhani yoti isamveke. Mikanda ya apongozi anga, ija ya unamkungwi, idasowa chaka chatha. Ine ndamva kuti adaimeza ndi mwana wa Njati."

"Ndiye ili kuti tsopano?"

"Chomezedwa chimatulukira kuti, akapitawo?"

Kapitawo adagwedeza chisoti. "M'ndowe!"

"Nzeru zanu n'zimene ndadzera. Koma zakale zokha, poti idamezedwa kale. Ndipo musafufuzire kukhola, Njati angaone ngati mukumuimba mlandu. Tutirani pabwalo la apongozi, pali poyera. Muziphwanye bwinobwino, mupalase mpaka pansi, mikanda ndi yaing'ono."

Amesenjala adatuta ndowe zouma ndi madengu, nkuzikhuthula pakapinga. Adaphwanya, adapalasa, adajompha. Udzu wakufa wonse udatuluka pamwamba, mphepo nkuusesa. Dothi lidatseguka timabowo timabowo, ndowe zofumbutuka nkulowamo. Mkanda sadaupeze ngakhale umodzi, koma adapeza mbozi zonona zimene zinkadya mizu, ndipo adabwerera kwawo zithokomiro zili tho.

"Mwina adameza ndi mwana wa Njati wina," adatero Likongwe powaperekeza.

Apongozi atatuluka adagwira mphuno. "Nangondo, uwafunse ngati pano pasanduka khola."

"Uwauze amayi kuti fungo ndi mlendo, sagonera."

Ndipo zoona, fungo lidapita, kapinga adatsitsimuka, napirira chisanu chonse.

Kenako chidafika chilimwe, dzuwa loswa mtengo. Kapinga adayamba kufota m'mphepete, kenako pakati, mpaka bwalo lonse lidafanana ndi udzu wofolera. M'mawa wina Likongwe adapeza mphasa yake itapindidwa, itatsamira pakhomo.

"Nangondo, uwauze kuti fumbi ndaikuntha kale, asavutike."

Nangondo sadabwereze mawuwo. Adangoyang'ana mwamuna wake, misozi ili lengelenge. Apa Likongwe adachita mantha, pakuti mkazi wakeyo ankamukonda zenizeni, ndipo padziko lonse ndi yekhayo amene ankavomera nyimbo zake.

Adagona paudzu woumawo nkuimba motsitsa, kumufunsa mlamu ngati wamwalira osatsanzika. Nangondo adavomera. Likongwe adakumba pang'ono, nkusolola muzu. Udali woyera. Adauluma. Udali ndi madzi.

"Uwauze amayi kuti kapinga sadafe! Wagona!"

"Uwauze kuti wogona amadzuka," adayankha apongozi. "Amudzutse ndione, anamwali asanatuluke."

Likongwe adatenga chikho nkuyamba kuyesa. Adathira madzi masana, ndipo asanatembenuke dzuwa lidali litamwa onse. Adawaza pang'ono m'mawa, koma atakumba adapeza kuti anyowetsa pamwamba pokha. Ndiye adadzuka mbandakucha nkuthira ambiri pamalo amodzi, pang'onopang'ono. Atazika kamtengo, kadalowa mosavuta nkutuluka konyowa. Adapasiya osathiranso, ndipo pasanapite nthawi timasamba tobiriwira tidasuzumira.

"Nangondo! Mlamu sakonda kulawa tsiku ndi tsiku. Amafuna kukhuta kamodzi dzuwa lisanatuluke, kenako nkupuma."

"Ndiye madzi okhutitsa bwalo lonseli uwatenga kuti? Chitsime chauma, kumtsinje n'kutali."

Likongwe adakanda kumutu. "Ndipatse chipewa."

Njovu adali nduna yaikulu, ndipo adali ndi mphwake amene ankayembekezera kudzalowa dzina. Awiriwa ankapatsana ulemu pagulu, koma aliyense ankamuyeza mnzake ndi diso. Likongwe adayamba kwa wamkulu, nagwada patali.

"Bambo nduna, ndifunseko, chitamba chimakalamba?"

"Wafunsiranji?"

"Ndamva mphwanu akunena kuti chanu chayamba kudontha ngati mtsuko wosweka."

Makutu a Njovu adaima. Likongwe adathamangira kwa mphwake uja.

"Achimwene, n'zoona kuti chitamba chanu n'chongotsukira mbale? Atsibweni anu ndiwo akutero."

Tsiku lisanathe, onse awiri adali atavomera mpikisano, ndipo woweruza adali Likongwe. Malamulo adaika yekha. Madzi akatungidwe kumtsinje. Mpikisano uchitike mbandakucha, kuti dzuwa lisabe madzi a wina nkusokoneza chiweruzo. Aliyense aime kunja kwa bwalo, mbali yakeyake, nkupopera m'mwamba kuti madzi agwe ngati mvula, poti kukhuthula pansi ngakhale mwana amatha. Wopambana ndi amene madzi ake alowe pansi kwambiri.

Adapopa mtsibweni, adapopa mphwake, kupita kumtsinje ndi kubwerera, mpaka dzuwa lidatuluka. Likongwe adazika kamtengo uku, nkukazika uko, nkukayang'anitsitsa.

"Lero mwafanana. Kapumeni, nthaka ikauma ndidzakuitanani."

Ulendo wotsatira adafanananso. Wotsatirawo, chimodzimodzi. Kapinga adadzuka, bwalo lonse nkubiriwira pakati pa chilimwe, anthu odutsa nkumaima kukamwa kuli yasa. Mphasa ija idabwerera m'nyumba popanda wonena kanthu.

Koma bodza lilibe nkhokwe. Tsiku lina mtsibweni ndi mphwake adakumana pamowa, chipanda chitazungulira kangapo, nkuyamba kufunsana kuti mawu aja adanenedwa liti. Adapeza kuti palibe adawanena. Njovu adafika pakhomo pa namkungwi nthaka ikunjenjemera, nkumunyamula Likongwe m'chiuno ndi chitamba.

"Kanthu iwe! Nduna yathunthu waisandutsa mtsikana wotunga madzi?"

"Ndalakwa, bambo, ndipheni. Koma ndifunseko kamodzi ndisanafe. Madzi mukawakokera m'chitambamu, amaleka bwanji kufika kumutu?"

Njovu adatsegula pakamwa kuti ayankhe, nkupeza kuti sakudziwa. Zimenezi zidamukwiyitsa koposa, ndipo adamuponya pansi. Mwayi wake adagwera pakapinga wofewa.

"Kuyambira lero dontho langa sudzalionanso!"

Nkhani idawanda. Ana a Nswala adayang'anana pamsana nkuona kuti ubweya uli monga udaliri kale. A Nkhanga adafunsa za mikanda, nkumva kuti sidasowepo. Likongwe akapereka moni m'njira, ankangoyankhidwa ndi mphepo.

Tsiku lotulutsa anamwali lidafika. Ng'oma zitangoyamba, chakumasana, kudamveka kuthetheka. Moto wolusa udali utachoka kutchire, mphepo ikuukankha, ndipo udalowa m'mudzi kudzera m'udzu wautali wouma umene ambiri adausiya mpaka m'makoma a nyumba zawo. Madenga adayamba kuyaka. Aliyense adathawa kwake, ana kulira, amayi kuitana, koma kulikonse kumene ankalowera ankakumana ndi utsi.

Likongwe naye adaliyatsa liwiro. Koma atacheuka adaona chinthu chimene chidamuimitsa. Moto udafika m'mphepete mwa kapinga nkuima. Unkanyambita, nkubwerera, nkunyambitanso, kungotulutsa kautsi koyera.

"Waimiranji?" adadzifunsa.

Mmalo mothawa adabwerera, nkuyandikira mpaka ndevu kupiringizika. Udzu waufupi, wamadzi, moto udalibe pougwira.

"Bwerani kuno! Bwerani pakapinga! Moto sukumudya!"

"Wayambanso," adatero kapitawo wa a Nkhanga akuthamanga. "Akufuna timupondere chiyani lero?"

"Ulendo uno n'zoona!"

Palibe adatembenuka. Likongwe adakuwa mpaka mawu adatha, ndipo kwa nthawi yoyamba adamva kuwawa kwa kunena zoona popanda wokukhulupirira. Pamenepo apongozi adatuluka m'tsimba, anamwali ali pambuyo pawo. Adayang'ana moto, adayang'ana kapinga, nkukweza mawu aja amene dera lonse linkawaopa.

"Nonse pabwalo panga! Msanga!"

Mawu a namkungwi sabwezedwa. Adakhamukira onse, a Nswala, a Nkhanga, a Nungu, Njati ndi ana ake, nkuunjikana pakati, moto ukuzungulira ngati fisi pakhola lotseka.

Kenako mphepo idanyamula chitsakata choyaka kuchokera padenga la oyandikana nawo, nkuchigwetsera pamasamba ouma amene adali patsinde pa nkhokwe ya apongozi. Masamba adayamba kuyaka. M'nkhokwemo mudali chakudya cha chaka chonse.

Likongwe adayang'ana uku ndi uku, kufuna woti amutume. Njovu adali kutali. Ena onse adali kakasi, atakumbatira ana. Bodza loti apeke lidalipo, koma nthawi yolinena padalibe. Nthambi yaiwisi padalibenso. Adalumpha, nkutembenuka, nkuyamba kuthibula motowo ndi mchira wake. Phwa! Phwa! Phwa! Fungo la ubweya wopserera lidamveka bwalo lonse, iye osaleka, mpaka lawi lomaliza lidazima.

Moto utadutsa, Likongwe adakhala pansi, mchira ukufuka. Apongozi adabwera ndi kansupa ka mafuta, ndipo sadafulatire. Adaima patsogolo pake penipeni.

"Bambo, bweretsani mchirawo kuno."

Nangondo adagwira pakamwa.

"Amayi, mukulankhula ndi ine?" adafunsa Likongwe.

"Alipo wina wapsa mchira pano?"

Adamudzoza mafuta, nkumumanga ndi kansanza. Likongwe ankaluma mano ndi ululu, koma maso ake adali kale kwina, kuphulusa limene lidali mbuu kuzungulira bwalo.

"Amayi, ndifunseko. Phulusa lonseli, kapinga angalikonde kapena lingamuwotche?"

"Bambo inu, mchira upole kaye!"

Anamwali adavina madzulo ake pakapinga yemweyo, ndipo amene nyumba zawo zidapsa adasungidwa pakhomopo mpaka adafoleranso. Ambiri pochoka adapempha timizu ta kapinga toti akadzale mvula ikagwa, ndipo ena adapita okha kukasesa ndi kutchetcha kuzungulira nyumba zawo.

M'mawa mwake Nangondo adadzutsa mwamuna wake, nkumulozera pakhomo mwakachetechete. Kungodya ya bwalo kudali apongozi, atanyamula lichero la phulusa. Adawaza pang'ono pakamalo kokwana chikhatho, pena adathira lambiri, nkuzika timitengo kuti asaiwale. Kenako adacheuka uku ndi uku, ndipo poganiza kuti palibe akuwaona, adagwada nkuyandikitsa khutu paudzu.

Mchira wa Likongwe udapola, koma nsonga yake idatsala yakuda bii, ndipo ana ake onse amabadwa nayo mpaka lero.

Nthano yanga yafika pamphepete pa bwalo. Amene ali ndi chikwakwa akachinole, mitambo yayamba kuda.